Njinga ya a Trywell

Anthu akamakamba za filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind amathamangira kwa mnyamatayo, ndipo n'zomveka. William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, anali ndi zaka 14 zokha pamene anayamba kutolera zitsulo zotayidwa n'kuzipachika pa nsanja ya mitengo ya bulugamu kuti mphepo imupatse magetsi. Achinyamata akaonera amadzuka ndi mtima wofuna kupanga kanthu. Koma ife amene tinali kale ndi mabanja mu 2002, amene tinkagona tikuwerenga m'mutu mbale za ufa zotsala m'thumba, maso athu sakhalitsa pa William. Amakakamira pa bambo ake ndi mayi ake. Kwa ine filimuyi ndi ya a Trywell ndi a Agnes, ndipo mwanayo ndi mphepo yakeyo amabwera pambuyo.

Inatuluka mu 2019. Anaikonza ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wa ku Britain yemwe makolo ake ndi a ku Nigeria, ndipo iye mwini ndiye anatenga malo a a Trywell. Nkhaniyo anaitenga m'buku limene William analemba ndi mtolankhani Bryan Mealer mu 2009. Chimene ndimamutamira nacho Ejiofor n'chakuti sanakajambulire dziko lina n'kumatinamiza kuti ndi kwathu. Anabwera ndi makamera ake ku Kasungu konkuno, ndipo analimba mtima kuti anthu a m'filimumo azilankhula Chichewa. Chichewa chakecho ndiye nkhani ina. Wosewera ngati William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, wosewera ngati mayi ake ndi Aïssa Maïga wa ku France wobadwira ku Senegal. Tsiku limene mdzukulu wanga anabwera nayo pa laputopu kuchokera ku Lilongwe, khonde linadzaza mpaka ana kukhala m'miyendo mwa akuluakulu, ndipo poyambirira panali phwete lokhalokha. Mawu ndi athu ndithu, koma akukwera pofunika kutsika. Mayi akunyumba anandikodola n'kufunsa kuti, "Abambo, kodi a Trywell amenewa anakulira ku Joni?" Akamalankhula Lily Banda, mwana wathu woimba uja amene anasewera ngati Annie, mlongo wake wa William, m'pamene makutu ankapumako. Ndinadzamva pambuyo pake kuti dziko la Britain ndi limene linaitumiza ku mpikisano wa Oscar m'gulu la mafilimu a m'zilankhulo zina, ndiye kuti Chichewa chathu chinakafika kumeneko pa pasipoti ya eni ake ena. Komabe kusekako kunatha kokha. Pofika pakati pa filimu panalibe wokumbukanso za kalankhulidwe.

Filimuyi imayamba ndi maliro. Mkulu wawo wa a Trywell, a John, akugwa m'munda, ndipo posakhalitsa tikuona mudzi wonse uli kumanda, abusa akulalikira, kenako zilombo za gule wamkulu zikutulukira. Amene anakulira mu mpingo ngati ine akudziwa kuti ziwirizi sizinkamwerana madzi, ndipo mkulu wa mpingo akapezeka akuombera m'manja gule ankaitanidwa kukayankha mlandu. Koma pa maliro mudzi unali umodzi. Ejiofor anachita bwino kuyambira pamenepa, chifukwa ukafuna kudziwa mudzi, pita pa maliro ake. Adzukulu amalawira kumanda kusanache ndi makasu. Amayi amayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ufa, nyumba iliyonse mbale imodzi. Anyamata amatema nkhuni za pasiwa. Palibe amene amalemba kalata yoitana munthu, ndipo wojomba amadziwa yekha kuti tsiku lake likadzafika adzaona. Woonera wa kunja angayese kuti akungomuonetsa mwambo wokongola. Ife tinadziwa kuti akutionetsa chinthu chimene njala idzagwedeze.

Kenako ikubwera nkhani ya mitengo. Eni esiteti ya fodya akufuna kugula mitengo ya m'mudzimo, amfumu akuchenjeza kuti mitengoyo ndi imene imatchinga madzi, koma anthu ena, kuphatikizapo Jeremiah mwana wa malemu a John, akusaina n'kulandira ndalama. Aliyense wa ku Kasungu kuno akuidziwa nkhaniyi. Mabani ootchera fodya anadya nkhalango zathu ife tikuona, mathirakitala akututa misuku ndi mitondo tsiku ndi tsiku. Chimene ndinakonda n'chakuti filimuyi siwasandutsa osainawo anthu oipa mtima. Ndi anthu amene ali ndi ngongole, ana ofuna fizi, denga lodontha. Mfumu ikukamba za chaka chamawa, iwo akuganiza za mawa lenilenilo. Ndinakhalapo pa mabwalo otere, ndipo sindinaonepo mawu anzeru akupambana ndalama yoonekera m'manja.

Zimene zinatsatira tonse tikuzikumbuka. Kumayambiriro kwa 2001 mvula inagwa yosalekeza, minda inadzaza madzi, feteleza anakokoloka, chimanga chinachita chikasu. Sitata paki ija ya mbewu ndi feteleza, imene m'zaka za 1998 ndi 1999 inkafika pafupifupi khomo lililonse, inali itachepetsedwa kuti izipita kwa osankhidwa okha. Zokolola zinachepa, koma njala yotere dziko likanaipirira kukanakhala kuti nkhokwe za boma zinali ndi kanthu. Chimanga chosungira pa ngozi, matani oposa 150,000, chinali chitagulitsidwa. Boma linkati linalangizidwa ndi a IMF, a IMF ankati iwo anangoti chichepetsedwe, osati chigulitsidwe chonse. Pamene akuluakuluwo ankalozana zala, mtengo wa kilogalamu imodzi, umene unali pafupifupi K4 nthawi yokolola, unakafika pa K40 m'misika ina pofika Januwale 2002. Ine nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Malipiro anali omwe aja, koma thumba limene ndinkagula osaganiza kawiri linasanduka la anthu olemera. Pamsika panabwera timapepala ta pulasitiki ta ufa wongokwana nsima imodzi, timene anthu anatitcha wokumani. Gaga, amene kale tinkapatsa nkhumba ndi nkhuku, anayamba kuyezedwa pa sikelo.

M'filimumo muli malo amene amfumu a Wimbe akuimirira pa msonkhano wa mtsogoleri wa dziko n'kunena poyera kuti anthu awo ali pa njala ndipo boma lichitepo kanthu. Atangotsika pa nsanja akutengedwa kuseri n'kumenyedwa. William anailemba nkhaniyi m'buku lake, ndipo inachitika m'nthawi ya a Bakili Muluzi, amene anadzalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala kumapeto kwa Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kuikidwa m'manda. Pa khonde paja, gawoli litafika, mkulu wina amene sakonda zolankhulalankhula anangoti, "Mfumu ndi imeneyo." Sindinaonjezerepo kanthu. Mfumu yeniyeni siidziwika ndi mkanjo wa pa chikondwerero. Joseph Marcell, amene anasewera malo amenewa, Chichewa chinkamuvuta kuposa onse, koma kaimidwe kake pa nsanja paja kanali ka munthu amene akudziwa kuti akatsika sizimuthera bwino.

Pali chinthu chimodzi chimene ana obadwa pambuyo pa 2002 sangachimvetse msanga, ndipo filimuyi inayesetsa kuchigwira. Njala siyamba ndi kupha thupi. Imayamba ndi kutseka zitseko. Kwathu kuno tinakulira pa chidyerano: madzulo nyumba iliyonse inkatulutsa nsima yake, abambo pawokha, amayi pawokha, ndipo mwana wamasiye ankakhuta osadziwa kuti wadya za yani. Munthu wodutsa pa njira ankaitanidwa kuti, "Tabwerani tisambe m'manja." Pofika Disembala 2001 mawu amenewa anasowa m'mudzi. Mayi akunyumba, munthu amene moyo wake wonse sanalolepo mlendo kuchoka pakhomo osalawa kanthu, anayamba kuphika usiku, m'nyumba, chitseko chotseka. Ankavundula nsima pang'onopang'ono kuti mthiko usagunde mphika n'kumveka kwa aneba. Akatha ankakwirira moto msanga kuti utsi usatiulule. Tikudya, wina akagogoda, tonse tinkangoti zii, ana atagwira mbamu m'manja, mpaka mapazi aja atapita. Tinkadziwa mwini mapaziwo. Mawa lake tinkapatsana moni pa chitsime ngati palibe chachitika, iyenso akudziwa kuti tinalimo.

N'chifukwa chake malo amene anandigwira kwambiri si a imfa ayi. Ndi pamene a Trywell akuuza banja lawo kuti kuyambira tsopano azidya kamodzi pa tsiku, ndipo asankhe okha kuti chakudya chake chikhale cha nthawi yanji. Nkhani yomweyi inakambidwa m'nyumba mwanga, ndipo ndikhulupirira kuti inakambidwa m'nyumba zambiri kuyambira ku Dowa mpaka ku Mchinji. Ifenso tinasankha madzulo, chifukwa masana munthu umatha kudzinamiza ndi ntchito, koma usiku njala siigoneka. Palinso pamene anthu akuthyola nyumba ya a Kamkwamba n'kutenga chimanga chotsala, a Agnes ndi Annie ali okha, a Trywell atapita ku zionetsero za ndale. Wakubayo sakuoneka ngati chigawenga. Ndi munthu wowonda, wamanyazi, wosatha kuyang'ana mayiyo kumaso. M'chaka chimenecho anthu ogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'minda ankamenyedwa koopsa, ena kudulidwa ziwalo, ena kuphedwa kumene, ndipo omenyawo anali anthu opemphera nawo limodzi. Maliro aja ndatchula poyamba anasintha. Ufa wosonkha unasowa, anthu ankabwera ochepa, adzukulu analibe mphamvu zokumba manda akuya. Kolera itabwera ndi mvula, ena anaikidwa mwamsangamsanga popanda ngakhale nyimbo.

M'kalasi mwanga ana ankachepa sabata ndi sabata mpaka mabenchi akumbuyo anangoti pululu. Otsalawo ankasinza dzuwa lisanakwere. Za William wothamangitsidwa ku sekondale ya Kachokolo chifukwa cha fizi, n'kumakazembera m'laibulale mpaka kupeza buku la Using Energy, ena analemba kale zambiri, ine ndingodutsapo.

Nkhani imene ndikufuna kukhalapo ndi ya ochoka ndi otsala, chifukwa ndi pamene filimuyi inaonetsa nzeru. Filimu yaulesi ikanati otsala pamudzi ndiwo okhulupirika, ochoka ndiwo othawa. Iyi siitero. Annie, mlongo wake wa William, akuthawa usiku ndi mphunzitsi Mike Kachigunda, n'kusiya kalata yonena kuti tsopano pakamwa pamodzi pachepa. Asanapite akuonetsetsa kuti dayinamo ya pa njinga ya mphunzitsiyo yatsala m'manja mwa mlongo wake. Kodi ameneyu wataya banja, kapena walithandiza? Mayi ake anali atamuuza masiku apitawo, mokalipa ndi misozi yomwe, kuti angalolere kudula dzanja lawo kuti mwana wawo adye. Mwanayo anamva, ndipo anasankha kuti dzanja la mayi ake lisadulidwe. Anzake a William nawonso akukwera lole kupita kumpoto kukasaka chakudya, ndipo filimu siwatukwana.

Agogo anga aakazi ankatisimbira za njala ya 1949, kuti amuna ambiri anachoka ati kukasuma, ena osabweranso, akazi n'kutsala ndi ana. Tili ana tinkaimva ngati nthano ya anthu ouma mtima akalekale. Mu Januwale 2002 ndinaiona ndi maso. Mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga wamng'ono, anali mkamwini pamudzi pathu, munthu wolimbika, wosamwa mowa. Anayesa ganyu m'maesiteti, malipiro ake n'kukhala gaga wodzaza chipewa. Anagulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku, kenako wailesi, kenako malata awiri a pakhonde. Tsiku lina m'mamawa mchemwali wanga anafika pakhomo panga ndi ana atatu n'kunena kuti, "Achimwene, bambo a ana apita." Sanalire. Anangokhala pansi pa mtondo wosinjira umene unali utagona chafufumimba pabwalo kwa miyezi iwiri.

Pa Chichewa mbumba ndi ya malume. Ana amenewo anali anga kuposa mmene analili a bambo awo, ndipo panalibe zokambirana. Mayi akunyumba anangoyang'ana thumba la ufa, n'kuyang'ana ana, n'kuonjezera madzi mu mphika. Kuyambira tsiku limenelo nsima inasanduka phala lolimbirako. Mlamu wangayo ndinamukwiyira kwa nthawi yaitali, ndipo pamudzi dzina lake linkatchulidwa ndi malovu. Koma mchemwali wanga sanamunenepo choipa. Ankati munthuyo usiku wake womaliza anakana kudya, nati gawo lake apatse wamng'ono, ndipo anachoka chifukwa sakanatha kupitiriza kutambasula dzanja m'mbale imene ana ake akudyamo. Pamene Annie wa m'filimu ankasiya kalata ija, mchemwali wanga, amene tsopano ndi gogo wa imvi, anadzuka pa mkeka n'kupita kuseri kwa nyumba. Anabwerako patapita kanthawi, nati amakaona nkhuku.

Akulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mwambiwu timaukonda, koma sutiuza mtengo wake wa kukhala kwanuko pamene kulibe chakudya. A Trywell akutsala, koma taonani mmene kutsalako kukuwasandutsira. Akulima nthaka youma gwaa, imene aliyense akuona kuti simera kanthu, chifukwa kuleka kulima n'kuvomera kuti zatha. Akukalipira mwana wawo chifukwa chopatsa galu wake Khamba chakudya. William atawaonetsa kamakina kakang'ono koyendera mphepo kakuliza wailesi, n'kupempha njinga kuti apange kakakulu kopopa madzi, iwo akupsa mtima koopsa, n'kumuuza kuti asiye zoseweretsa agwire khasu. Mdzukulu wanga anati, "Agogo, bambo ameneyu ndi wankhanza." Ndinamuuza kuti ayi, ameneyu ndi bambo wamanyazi. Mwamuna amene walephera kudyetsa banja lake sadziwa koika nkhope, ndiye amaibisa mu ukali. Amuna ambiri a msinkhu wanga amene anaonera nafe anayang'ana pansi pa gawo limeneli.

Ndipo muyenera kumvetsa chimene njinga inali. Masiku ano njinga zamoto zili ponseponse, achinyamata a kabaza akungodutsana, ndiye mwana angaganize kuti William ankapempha chinthu wamba. Pamudzi wa nthawi imeneyo njinga inali chipatala, inali msika, inali chigayo. Inkanyamula mayi wapakati usiku, thumba la feteleza, belo la fodya, nthawi zina ngakhale maliro a mwana okulunga mu mphasa. Ine ndinali ndi Humber yakuda imene ndinagula ndi malipiro anga oyambirira, ndipo Loweruka lililonse ndinkaitembenuza miyendo m'mwamba, kupukuta masipoko limodzilimodzi ndi kansanza koviika mu parafini, kudontheza oilo pa tcheni. M'njala ija anthu ankagulitsa mbuzi, mipando, malata, koma njinga inkakhala yomalizira, chifukwa ndi imene inkakufikitsa kumene wamva mphekesera yoti kwabwera chimanga. M'filimu momwemo William akupalasa njinga yomweyo kupita ku depoti kumene anthu akuponderezana pa mzere. Tsono mwana wa zaka 14, wothamangitsidwa sukulu, akuuza bambo ake kuti aidule ndi sowo chifukwa cha chithunzi chimene waona m'buku la Chingerezi. Ndani mwa ife akanavomera tsiku loyamba? Nditafunsa funsoli pakhonde paja, mayi akunyumba anayankha anthu onse akumva: "Inu abambo? Ngakhale pampu yokha simunkabwereketsa."

Amene akutembenuza mtima wa a Trywell ndi a Agnes, ndipo Aïssa Maïga pamenepa anasewera ngati anabadwira pa Wimbe. Mayiyu sakukuwa. Akuwerengera mwamuna wake zimene wataya chifukwa chomutsatira: makolo ake, munda, tsopano mwana wamkazi. Akufunsa kuti kutayaku kudzatha liti. Penanso akukumbutsa kuti makolo akale, ngakhale ankapempha mvula kwa mizimu, anapulumuka chifukwa ankakhala pamodzi. Ndawadziwa amayi otere moyo wanga wonse. Pa bwalo salankhula, pa msonkhano wa mpingo amakhala kumbuyo, koma nkhani zikuluzikulu za pabanja zimagamulidwa ndi mawu awo a usiku, ana atagona. M'njala ya 2002 amene anagwira midzi ndi iwowa. Ndi amene ankadziwa masamba a m'tchire odyedwa ndi osadyedwa, amene ankakumba zitsa za nthochi n'kuzisinja, amene ankanama kuti adya kale kukhitchini.

Pamapeto pake a Trywell akupereka njinga. Akuthandiza kuidula, ndipo anthu otsala pamudzi akubwera kudzaimika nsanja. Sindinaone pamenepa bambo wogonja kwa mwana. Ndinaona munthu amene wazindikira kuti kusunga banja si kugwiritsitsa chinthu chomaliza chimene uli nacho, ndipo kuti nzeru ikhoza kuchokera kwa amene iwe unamusambitsa. Kwa mwamuna wa Chichewa wa m'badwo wathu zimenezi n'zolemera kuposa kusenza thumba la makilogalamu 90.

Tsono poti ndine mphunzitsi, ndiyenera kunena pamene filimu inakometsera. M'filimumo makina aja akupopa madzi pa chitsime, madzi akuyenderera m'mizere, mbewu zikumera, mudzi wapulumuka. Zoona zake n'zakuti makina oyamba a William ankayatsa babu ndi kuliza wailesi m'nyumba ya makolo ake. Zopopa madzi zinabwera patapita zaka, nyuzipepala ya Daily Times italemba za iye mu 2006, iye n'kukalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007, anthu akufuna kwabwino n'kuyamba kumuthandiza. Njala ya 2002 siinathe ndi mphepo. Inatha ndi maungu ndi dowe wa mwezi wa Malichi, kwa amene anafikako, ndi chimanga cha thandizo chimene chinabwera mochedwa. Komanso mudzi weniweniwo sunamuombere m'manja William kuyambira pachiyambi. Ankamutcha wamisala, ena ankati akusuta chamba, ndipo iye mwini analemba kuti mvula itavutanso chaka china, panali ena amene ankati makina akewo ndi aufiti, akuthamangitsa mitambo. Umu ndi mmene tilili. Mudzi womwewo umene umakuikira maliro ndi umene umakuseka ukayamba chinthu chachilendo. Sindimuimba mlandu Ejiofor posoka nkhani ziwirizi kukhala imodzi, pakuti filimu ili ndi maola pafupifupi awiri okha, koma adzukulu anga ndimawauza zonse ziwiri.

William nayenso anachoka. Anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, kenako ku Dartmouth College ku America kumene anamaliza mu 2014. Koma kudzera m'bungwe la Moving Windmills wakhala akubwerera ku Wimbe ndi ntchito za sukulu, madzi ndi magetsi a dzuwa. Mwezi womwe filimuyi inayamba kuonetsedwa pa Netflix, Malichi 2019, madzi osefukira a nyengo ya namondwe Idai anali akumiza midzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndipo mu 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Nthawi zonse zikatere pamamveka mawu a anthu a m'maofesi odabwa kuti bwanji anthuwa sasamuka, bwanji madzi akaphwa amabwerera pomwe paja. Ofunsawo sanayambe aganizapo kuti kumtunda kumene akuwatumizako kulibe dimba lawo, kulibe manda a amayi awo, kulibe munthu amene angadzagogode pakhomo pake usiku.

Chimene filimuyi siinaonetse, ndipo ndikanakonda ikanaonetsa, ndi kubwerera kwa ochoka aja. Chimanga chitacha anayamba kutulukira mmodzimmodzi, ena atatupa miyendo, ena atavala malaya a eni. Panalibe mwambo wowalandirira, panalibenso bwalo lowazenga. Mlamu wanga anafika mu Meyi, madzulo, atanyamula kathumba ka chinangwa chouma kuchokera ku Nkhata Bay kumene ankagwira ganyu. Anaima kumapeto kwa bwalo osayandikira. Ine ndinali nditakonza mawu ambiri miyezi yonseyo, ndipo monga mwinimbumba ndinali ndi ufulu womubweza. Ndisanatsegule pakamwa, mwana wake wamng'ono anamuthamangira, ndipo mayi akunyumba anatulutsa madzi osamba m'manja n'kuwaika patsogolo pake. Mlandu unathera pomwepo. M'mawa mwake anabwereka chikwanje changa n'kupita kukasanja mapesi m'munda mwa mkazi wake.

Ali moyo mpaka lero, ndipo tsiku la filimu lija anali nafe pakhonde, atakhala pa mpando wa ndalema pafupi ndi ine. Pofika pamene anyamata aja akukwera lole kuthawa njala, ndinamuyang'ana cham'mbali kuti ndione nkhope yake. Iye anasendera kufupi ndi laputopu, n'kuiyang'anitsitsa loleyo, kenako anapukusa mutu.

"Alamu, awatu anali ndi mwayi," anatero. "Yathu ija inatithera mafuta tisanafike pa Nkhamenya. Mpaka pa Jenda tinayenda wapansi."